Cú Chulainn awiri: wa m'nthano ndi wa anthu ofuna ufulu

Teremu ino tikuphunzira zisudzo za ku Ireland, ndipo amene wandidyera nthawi kwambiri ndi Cú Chulainn. Mu nthano yamakedzana ya Táin Bó Cúailnge, mnyamatayu amateteza yekha malire a Ulster, chigawo cha kumpoto kwa Ireland, pamene Medb, mfumukazi ya chigawo cha Connacht, akubwera ndi asilikali kudzalanda ng'ombe yamphongo. Mngelezi mulibemo. Ndi anthu a pachilumba chimodzi akuphana okhaokha, mpaka pa dooko la mtsinje Cú Chulainn akupha Ferdiad, mnzake wapamtima amene anaphunzira naye zankhondo, kenako n'kukhala pansi kumulira.

Kulira kumeneku ndi kumene ndikuona kuti kunazimiririka nthanoyi itagwera m'manja mwa omenyera ufulu. Patrick Pearse, mmodzi wa atsogoleri awo, atatsegula sukulu ya St Enda's mu 1908, anaika Cú Chulainn patsogolo pa anyamata ngati chitsanzo cha munthu wosankha moyo waufupi koma wotchuka.

Pasiteji napo mpweya unali womwewo. Mu Cathleen ni Houlihan, sewero la W. B. Yeats ndi Lady Gregory la mu 1902, gogo wosauka akulowa m'nyumba ina kufupi ndi tauni ya Killala, ukwati uli mawa, ndalama zochokera ku banja la mkwatibwi zili patebulo. Akudandaula kuti alendo amulanda minda yake inayi. Gogoyo ndi Ireland. Michael, mkwatiyo, akumutsatira kukamenyera Ireland, Delia, mkwatibwi wake, akumukakamira kuti asapite, koma osamva. Powerenga, mtima wanga unatsalira pa Delia, chifukwa seweroli silimufunsa n'komwe kuti mawa adzuka bwanji.

Pa Isitala wa mu 1916, Seán Connolly, wosewera wa ku bwalo la zisudzo la Abbey Theatre, anaphedwa tsiku loyamba la kuukira ulamuliro wa Britain ku Dublin, ndipo Pearse anawomberedwa ndi asilikali a Britain pa 3 May. Yeats atakalamba anadzifunsa m'ndakatulo ngati sewero lake silinatumize ena kukafa.

Ufuluwo Aairishi anali oyenera kuufuna, chilankhulo chawo chinali chikutha pansi pa ulamuliro wa London. Chikundiwawa n'chakuti nthano yochenjeza za kuphana pachibale anaidula mpaka inatsala yoitanira anyamata kumanda. Chiboliboli cha Cú Chulainn akufa atadzimangirira kumwala chinaikidwa mu positi ofesi yaikulu ya Dublin mu 1935, pokumbukira a 1916. Kum'mawa kwa mzinda wa Belfast, ku Northern Ireland, nako, ofuna kukhalabe pansi pa Britain anamujambula pakhoma, ati ndiye woteteza Ulster kwa Aairishi.