Ndinataya nsonga, n'kusunga zinyalala

Anyezi oyamba anathera mu kapenta. Ndinali nditawakhazika pa makapu a madzi pawindo kwathu ku Chilenje mu Lusaka, matako okha akukhudza madzi, kuti amere mizu yoti ana asukulu anga a giredi 11 akaonere maselo akugawikana. Apongozi atafika kuchokera ku Chipata anaganiza kuti ndi adzukulu akusewera ndi ndiwo. Apongozi safunsidwa mlandu. Ndinadya nawo, n'kuyamikira kuti zakoma.

Ndinakagula ena kumsika wa Soweto, n'kuwabisa pamwamba pa wadiropu. Patatha masiku 4 mizu inafika masentimita 2, yoyera mbee.

M'kalasi ndinayamba ndi matama. Ndinati selo silithamanga mwachisawawa, limadutsa m'magawo: pa G1 limakula, pa S limakopera DNA yake, pa G2 limafufuza ngati lakopera bwino, kenako M, kugawikana. Chotsegula njira ndi puloteni ya cyclin. Ikachuluka imagwirana ndi puloteni ina yotchedwa CDK, selo n'kudutsa kupita pagawo lotsatira. M'thupi mwathu DNA ikawonongeka, puloteni ya p53 imaimitsa selo pa G1, ndipo zikakanika kukonzeka selolo limadzipha lokha. Zikafooka zimenezi, khansa imapeza mpata. Pa metaphase, mkati mwa gawo la M, ndiye pokoma: makromozomu (timitolo ta DNA) 16 a anyezi amandanda pakati pa selo, ndipo imodzi yokha ikapanda kukoledwa ndi ulusi wowakoka wotchedwa spindle, palibe ikusuntha. Ngati minibasi ya pa siteshoni ya Kulima Tower, mpando umodzi ukatsala simunyamuka.

“Selo limayang'ana kaye lisanachite kanthu,” ndinatero, chala m'mwamba.

Ndinadula mizu ndi lezala, n'kuiviika mu asidi wa hydrochloric wa 1 M pa madigiri 60 kwa mphindi 5, kuti chomata maselo chifewe. Ndinatsuka m'madzi ozizira, kudontheza utoto wa orcein, kuvundikira ndi kagalasi, n'kukanikiza ndi chala chachikulu molunjika pansi. Osapotokola ayi, mukapotokola maselo amapiringizana, kagalasi n'kusweka.

Pa maikulosikopu, nditakuza ka 400, panaoneka maselo aataliatali ngati njerwa, lililonse ndi nyukiliyasi yake ili phee. Logawikana ngakhale limodzi, ng'o. Ndinati musadandaule, maselo ambiri amakhala pa interphase, nthawi yomwe sakugawikana, pafupifupi 9 mwa 10 alionse. Zimenezo n'zoona, koma lakhumilo linali kuti? Silaidi yachiwiri, chimodzimodzi. Pofika yachisanu malaya anali atamatirira kumsana, ndipo ndinayamba kunamizira maikulosikopu.

Kamtsikana ka kutsogolo kanakweza dzanja mwaulemu. “Aphunzitsi, nanga timitu toyera tija munatikankhira mu sinki, tinali tachani?”

Ndinazizidwa. Maselo ogawikana amakhala kunsonga kokha, mamilimita 1 kapena 2 kuseri kwa kachipewa ka muzu, pamalo otchedwa meristem. Kumtunda kwake maselo asiya kugawikana, amangotalika. Ine pokamba za p53 ndinadula nsongazo bwinobwino, n'kuzisesa ngati zinyalala, n'kuphika mu asidi mbali yopanda ntchito.

Ndinathamangira kusinki. Mnyamata wina wakhama anali atatsegula kale mpopi, akutsuka mabika.

Kumbuyo kunamveka mawu: “Aphunzitsi, p53 yanu ili pa tchuthi?” Kalasi yonse inafa ndi phwete, mpaka aphunzitsi a masamu anasuzumira pakhomo.

Anyeziwo ndinabwerera nawo kunyumba m'pepala, mizu ili yodukaduka. Apongozi anawatembenuza, n'kufunsa kuti ndani wawameta. Madzulo tinadyanso kapenta.