Sipanala yozungulitsira injini yomwe tinawotcherera pa Kamuzu Road

Nditasintha lamba wa timing, wamano uja woyendetsa mavavu mogwirizana ndi mapisitoni, pa Toyota yanga yakale, sindinafune kugwira kiyi ndisanazungulitse injini ndi manja. Lamba akalumpha dzino limodzi lokha galimoto imayenda ngati yadwala chifuwa, ndipo akalumpha mano angapo, pa injini zina pisitoni imakamenya mavavu. Koma malo ndiye anavuta. Pakati pa bawuti ya pule ya crankshaft (shafiti yaikulu yomwe mapisitoni amazungulitsa) ndi chitsulo cha bodi pamangokwana zala zitatu, moti soketi ikakhala pa chogwirira chake sinkalowa.

Ndinagula soketi yakale ya mamilimita 19, yamakona 6 chifukwa yamakona 12 imakonda kudya mutu wa bawuti. Inu yezani yanu kaye, mabawutiwa amasiyana. Ndinatolanso chitsulo chafulati cha mabagala, chotalika masentimita 40, n'kupita nazo kwa owotcherera pa Kamuzu Road kuno ku Salima.

"Achimwene, mudule soketiyi kumbuyoku, muilumikize kunsonga kwa chitsulochi."

"Bambo, soketi yabwinobwinoyi tiiwononge?"

Anaidula ndi gilainda, kusiya mbali yogwira bawuti yokha. Ine ndi changu changa, poopa kuti magetsi angathime, ndinawauza kuti angowotcherera pompo. Mpamene ndinalakwa. Soketi imakhala ndi chrome, khungu lonyezimira lija, ndipo ndodo yowotcherera siligwira bwino. Kunyumba ndinachitanso ulesi kuchotsa mapulagi. Nditangokoka mwamphamvu, phwa! Soketi inatsala pa bawuti, chitsulo m'manja, zala zitasupuka.

Mawa lake ndinabwerera mwamanyazi. Mnyamatayo sanandiseke. Anapala chrome yonse mpaka chitsulo chenicheni kuoneka, anawotcherera kuzungulira soketi yonse, n'kuisiya izizire yokha osaiviika m'madzi. Anapindanso chogwiriracho pang'ono kuti chisamakhule bodi.

Ulendo uno ndinatsata ndondomeko. Ndinachotsa waya wa negative pa batire, giya pa nyutulo, handibuleki yokoka, miyala kumatayala akumbuyo. Ndinakweza jeke, kuchotsa tayala lakutsogolo la kumanja, n'kutsamiritsa galimoto pa chipika, poti jeke payekha sindimukhulupirira, makamaka pa mchenga wathu uno. Mapulagi onse 4 anatuluka, ndipo injini inafewa moti dzanja limodzi linakwana.

Ndinazungulitsa momwe imayendera mivi ya wotchi, nditayang'anizana ndi pule. Kubwerera m'mbuyo kukhoza kumasula bawuti kapena kukhwefula lamba, ngakhale ma Honda ena akale amazungulira mbali inayo. Maulendo ake ndi awiri athunthu, chifukwa crankshaft ikazungulira kawiri camshaft, shafiti yotsegula mavavu, imazungulira kamodzi. Pang'onopang'ono, khutu lili tcheru. Mukamva kuti yagunda penapake n'kuima, musakakamize, siyani mukaonenso lamba. Yanga inadutsa bwinobwino: kamzere ka pa pule, komwe ndinakapaka choko, kanafika pa 0, chizindikiro cha camshaft nacho chili pamalo pake.

Chitsulochi si chomasulira bawuti ya pule, imeneyo ndi yolimba zedi ndipo ingathyole chowotchereracho. Choopsa china ndi kuchiiwala pa bawuti n'kuliza injini. Ine ndinachibowola kumapeto, ndipo ndikamachigwiritsa ntchito kiyi wa galimoto ndimamumangirira pomwepo ndi kawaya.