Kansomba ka m'bowo kanandivula ulemu ku Bonaire

Ine munthu wamkulu, wandevu zanga, kuchititsidwa manyazi ndi kansomba kosakwana masentimita 3! Zinachitikira pa chilumba cha Bonaire, m'nyanja ya Caribbean kufupi ndi Venezuela, komwe tinapita kukapuma ndi mayi a kunyumba.

M'mawa wake mnyamata wotiperekeza anatiikira malamulo. Madzi onse ozungulira chilumbacho ndi otetezedwa kuyambira 1979, choncho n'koletsedwa kukhudza korali, miyala ya m'nyanja yomangidwa ndi tinyama ting'onoting'ono. Anatichenjezanso za korali wina wachikasu chodera, wansonga zoyera, wotchedwa fire coral, amene amaotcha khungu. Apo sindinamvetsere kwenikweni, chifukwa anali atatchula kale kansomba kotchedwa spinyhead blenny. Kameneka kamakhala m'timabowo tosiyidwa ndi nyongolotsi za m'nyanja. Kamalowa chambuyo n'kusiya mutu wokha panja, ndipo tizilombo toyandama tikamadutsa kamatumphuka, n'kuwakha, n'kubwerera usanaphethire.

"Kuti mukajambule katatuluka thupi lonse, bambo, pamafunika kuleza mtima," anatero.

Ndinadziguguda pachifuwa. Mayi anangotsokomola.

Ndinavala magalasi ndi kapaipi kopumira, kamera m'manja, n'kulowa pamadzi osaya. Sindinavutike kukapeza. Pamwala wa korali wakufa panali kabowo ngati ka msomali, ndipo pakhomo pake panali kamutu kaminga, kukamwa kofwamphuka ngati munthu amene sanakondwe kuti wabwera. Masowo ndiye anandisokoneza. Lililonse limayenda palokha: lina linkandiyang'ana ine, lina lili kumbali, ndendende munthu amene ali nawe ngongole ndipo akufunafuna kothawira.

Kanatumphuka koyamba, ndinadina. Ndinajambula bowo. Kachiwiri, bowo lomwelo, kansombako katabwerera kale n'kukhala ngati sikanapite kulikonse. Ndinaganiza kuti vuto ndi kugwedezeka kwanga, ndiye ndinatambasula manja ndi miyendo, nkhope m'madzi, zii, ngati chipika. Kupuma kwa pang'onopang'ono. Chala chili chire pa batani.

Chimene sindinaganizire n'chakuti munthu wogona chafufumimba pamadzi kwa nthawi yaitali chotero, kwa amene ali kumtunda saoneka ngati wojambula. Mayi akuti anaitana katatu. Makutu anga anali m'madzi. Kachinayi anaitana mnyamata uja.

Ndiyetu mumve. Nthawi imene kansombako kanatuluka konse, thupi lowonda ngati kachitsotso lili poyera, ndi nthawi yomweyo imene dzanja linagwira kabudula wanga n'kunditembenuza chagada. Madzi amchere analowa m'kapaipi, ine khoo khoo, kutsamwa, maso atatuzuka. Mnyamatayo ataona zimenezo anatsimikiza kuti wandipeza nditatsala pang'ono, ndipo anandikolekera mkono pakhosi. Ndinkafuna kunena kuti ndili bwino, koma chimene chinkatuluka ndi thovu. Pophiriphitha kuti andisiye, funde linandinyamula bwinobwino n'kundikhazika pa korali wachikasu uja.

Dzina lija la fire coral, kutanthauza korali wamoto, sanalipereke mwachibwana. Zinali ngati ndakhalira makala. Apo ndiye ndinakuwa zenizeni, ndipo wondipulumutsayo anawonjezera liwiro.

Kumtunda tinapeza anthu atasonkhana, ena matawulo ali m'manja. Atamva kuti wakufayo amajambula nsomba, chisoni chinatha msanga. Wina anabweretsa botolo la viniga, amene amathira pamalo ootchedwa, n'kulipereka kwa mayi.

"Abambo, tsitsaniko kabudulayu pang'ono."

"Pano, pagulu?"

"Nanga munakhalira kuti? Werameni."

Ndinawerama. Mapewa awo ankagwedezeka, ndipo viniga wambiri anathera pamchenga.

Madzulo ndinatsegula kamera, poganiza kuti mwina chala chinadina pa nthawi yabwino ija. Chinadinadi. Pambuyo pa mzere wautali wa zithunzi za bowo, chomaliza chinali cha mtambo umodzi ndi khwapa la mnyamata uja.

Chakudya cha usiku umenewo ku Kralendijk, likulu la chilumbacho, ndinadya choimirira, mbale ili m'manja. Woperekera zakudya anadutsa kawiri, kachitatu anaima n'kufunsa ngati mpando uli ndi vuto.

"Asiyeni," anatero mayi, osakweza n'komwe mutu. "Akuleza mtima."