Manambala 6 a WhatsApp aja musapatse munthu, olo akhale ndani

Lachiwiri lapitali ndinatsala pang'ono kuberedwa K80,000, mpaka pano mtima sunakhale m'malo. Ndili kuntchito inalowa meseji pa WhatsApp, nambala ya azakhali anga, chithunzi chomwe chija atavala yunifomu ya kwaya, akuti mwana wagonekedwa kuchipatala ndiwatumizire ndalama pa Airtel Money koma pa nambala ina poti yawo yadzadza. Ndinali nditadina kale *211#.

Chinandiimitsa ndi moni. Chibadwire changa azakhali sananditchulepo dzina, amandiitana ndi mfunda basi, ndiye uyu anayamba ndi dzina langa lonse ngati momwe lilili pa Facebook. Ndinawaimbira pa foni, osati pa WhatsApp, ali kumsika akugula matemba, mwana ali kusukulu bwinobwino.

Zinayenda chonchi: dzulo lake wina anawaimbira kuti ndi wa gulu la kutchalitchi, kuli msonkhano wa pa intaneti ndipo alandira SMS ya manambala 6, amuwerengere kuti awalowetse. Iwo mwaulemu wawo anawerenga. Manambala amenewo ndi amene WhatsApp imatumiza munthu akamatsegula akaunti ya nambala yako pa foni ina, ukangopereka basi watuluka iwe, walowa iye, magulupu onse ali m'manja mwake. Msuweni wathu wa ku Joni anatumiza ndalama usiku womwewo, zinandiwawa kwambiri chifukwa mnyamata ameneyu amazipeza movutikira.

Akauntiyo tinaibweza polembetsanso nambala yawo, SMS ina inabwera, wakubayo anatuluka. Mwayi wathu, wakubayo anali asanaike PIN yake yotsekera akauntiyo, akanaika tikanadikira masiku 7. Pompo tinalowa pa Settings, Account, Two-step verification, tinaika PIN yoti si chaka chobadwa.

China chomwe chikundidetsa nkhawa ndi ma ID otola aja. Anthu amajambula chiphaso chonse n'kuponya pa Facebook kuti mwini wake akatenge, mtima ndi wabwino inde koma dzina, nkhope, tsiku lobadwa ndi nambala ya ID zonse zili poyera, chonsecho kuyambira 2018 simu timalembetsa ndi chiphaso chomwecho. Chonde phimbaniko nambalayo ndi chala, dzina lokha likwanira.

Loweruka ndikupita kwa amayi kukawaikira PIN, ndipo tagwirizana pabanja kuti za ndalama tizimvana kaye mawu pa foni.