Kachipolopolo ka amalume ku Lizulu

Ndafika kunyumba kukuda kale, koma mawu a amalume akundizungulirabe m'mutu, ndiye ndati ndiwalembe ndisanagone.

Ndinapita ku Lizulu kukawafunsa za mfuti imene ndakhala ndikuisungira ndalama, yophera akalulu ndi nkhanga zimene zikutha nyemba kumunda, komanso yoti Loweruka lina ndizisangalala nayo pochalira zitini. Maganizo anga anali pa mfuti yaing'ono yotchedwa .22 LR. Ndinali nditawerenga zambiri: kachipolopolo kake n'ka mamilimita 5.6 m'mimba mwake, kolemera magalamu 2.6 okha, sikakankha phewa, phokoso lake n'lochepa, ndipo kamagwetsa kalulu pa mamita 50 popanda kuwononga nyama. Ndinanena zonsezi monyadira, mwinanso mopitiriza.

Amalume, amene anagwira mfuti zaka zambiri ali msilikali, sanayankhe msanga. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kachitini ka fodya, ndipo anakhuthulira pamphasa makoko awiri a zipolopolo zowombedwa kale, lina lalitali la mfuti yaikulu ya .303, lina laling'ono ngati njere ya nyemba. Ananyamula lalikululo n'kunena kuti ukawombera kalulu ndi limeneli umatola ubweya ndi makutu basi, pakuti chipolopolo chake chimalemera kuposa kanayi poyerekeza ndi cha .22. Ndinaseka, poganiza kuti tagwirizana. Kenaka ananyamula laling'onolo.

"Koma iwe mwana wa mlongo wanga, aka ndiye kamene ndimakaopa, chifukwa aliyense amakayesa choseweretsa. Ukaphonya kalulu, kadzaima kuti?"

Anandilozera kutsetse kwa munda. Kuseri kwa nthochi kuli chitsime, kenaka njira ya ana asukulu, kenaka msewu wa M1, ndipo kutsidya kwa msewuwo ndi ku Mozambique. Anati kachipolopolo kameneka, munthu akakweza mpope pang'ono, kamapitirira kilomita imodzi ndi theka, ndipo kakagunda mwala, monga miyala yadzaza m'minda ya kuno, kamanjanja n'kulowera kumene sunalinge. Zimenezi ndinkazidziwa, chifukwa zimalembedwa ngakhale pa kabokosi ka zipolopolozo, koma ndinali ndisanaziganizepo nditaima m'munda weniweni wokhala ndi anthu mbali zonse.

Chimene chinandipweteka ndi uphungu wawo, woti ndigule mfuti ya mpweya ya mamilimita 5.5, imene imakwanira njiwa ndi nkhwali pa mamita 25 kapena 30 ndipo mphamvu yake imatha msanga. Za nkhanga anati chifefe n'chabwino, popeza timipira take timamwazika n'kufooka pafupi, ngakhale kuti phokoso lake lidzutsa mudzi wonse. Ine ndinamva ngati andibwezera ku legeni ya ubwana wanga. Ndinawauza kuti mfuti ya mpweya ikhoza kungovulaza kalulu n'kukafera kutchire, zimene ndimadana nazo, ndipo iwo anavomera kuti ndi zoona, koma anati pamenepo ndiphunzire kunyang'ama mpaka kufika pafupi.

Anakumbutsanso za chiphaso cha kupolisi ndi chilolezo chosakira cha a nthambi ya zinyama zakutchire, ndipo pa zimenezo sitinatsutsane.

Potsazikana anandipatsa khoko laling'ono lija kuti ndipite nalo. Lili patebulo pano, pafupi ndi envulopu ya ndalama zija, ndipo ndikaliyang'ana ndikuonabe kuti .22 ndiyo yoyenera kalulu. Koma njira ya ana asukulu ija, sindinaipezere yankho.