Thovu la ku Dziwe la Nkhalamba

Ndangotsika kumene ku Dziwe la Nkhalamba ndi mphwanga uja amaphunzira physics ku Zomba, ndipo mutu wanga sunakhazikikebe. Tikadali patali madzi ankaoneka bata, osalala ngati galasi. Titafika pamathithi, thovu lokhalokha, kutumphuka ndi kuphulika osapuma. Iye nkuti, "Achimwene, mlengalenga ndi nthawi zingakhalenso chonchi."

Einstein mu 1915 anasonyeza kuti mlengalenga ndi nthawi zimapindika pafupi ndi zinthu zolemera ngati dzuwa. Koma malamulo a quantum, omwe amafotokoza khalidwe la tinthu ting'onoting'ono kwambiri ngati ma atomu, salola chinthu kukhala chete kotheratu, ngakhale pamalo opanda kanthu mphamvu imagwedezeka. Ndiye wasayansi wina, John Wheeler, mu 1955 anaganiza kuti pa utali wa Planck, mita imodzi yogawidwa ndi 1 wotsatidwa ndi maziro pafupifupi 35, kupindikako kumanjenjemera ngati thovu. Palibe makina omwe afikapo pochepa chotere.

Abale, zandigwira mtima. Ndikuyang'ana Sapitwa, phiri lomwe agogo ankaliopa ndi kulilemekeza, nkumaganiza kuti malo enieniwo pomwe laimapo mwina akuwira mwakachetechete. Usiku uno tulo tibwera mochedwa.