Loya amene anawayimira mayi aang'ono pa chuma cha masiye

Bambo aang'ono atamwalira, sabata isanathe n'komwe achibale ena anali atayamba kale kuwerenga malata ndi mipando, mayi aang'ono angoti kakasi ndi ana atatu osadziwa kolowera. Ine nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti loya ndi loya basi, aliyense angathe, ndiye tinapita kwa wina wachinyamata amene amatchuka ndi zotulutsa anthu pa belo koma iyeyo anatiuza chilungamo kuti za chuma cha masiye si mbali yake, n'kutilozera kwa akuluakulu ena ake ku Limbe.

Bambo a ku Limbe aja ndi aimvi, malamulo anaphunzira ku Chanco nthawi ya Kamuzu ndipo anayambira m'boma ngati woyimira boma pa milandu. Anatifotokozera kuti masiku amenewo milandu ikuluikulu ngati yakupha imatha kupita ku makhothi a mafumu aja kumene loya samaloledwa kuyimira munthu, komwe Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983, chonsecho onse awiri anali maloya. Zinthu zitasintha mu 1994 anatsegula ofesi yawo, n'kumapanga za malo, za anthu ochotsedwa ntchito okadandaula ku khothi la za ntchito la Industrial Relations Court, ndi za masiyezi.

Chimene chinandigwira mtima n'choti sanathamangire zoti tiyeni tikasumire ayi. Anawasiya mayi aang'ono alankhule mpaka atope, akulira akupitiriza, iwo akungolemba m'kabuku, kenako mafunso: satifiketi ya imfa muli nayo? ankhoswe a ukwati wanu alipo amoyo? mapepala a puloti ali m'dzina la ndani? malemu anasiya wilo? Wilo panalibe. Ndiye anatiuza za lamulo la 2011 la chuma cha masiye, kuti munthu akafa opanda wilo oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, ndipo kulanda katundu wa malemu ndi mlandu woti munthu atha kumangidwa nawo, zomwe kumudzi kwathu ambiri sadziwa mpaka pano ndipo zimandiwawa kwabasi. Anatinso amene alibe ndalama ya loya asamangokhala, kuli Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu otere pa milandu.

Analemba kalata imodzi yokha kwa achibale aja, yaulemu koma yosanyengerera, n'kuwaitana ku ofesi pamodzi ndi ankhoswe. Amalume amene amalusa kwambiri aja anakhala phee kumvetsera, mwina poti amene amalankhulayo anali wamsinkhu wawo ndipo amawatchula kuti achimwene. Mapepala a kukhothi opatsa mayi aang'ono mphamvu yoyang'anira chumacho anachedwa miyezi ingapo, mayendedwe anatidyera ndalama ndithu, koma nyumba ija akukhalamo mpaka lero ndipo wamkulu mwa ana aja walemba Fomu 4 chaka chino ali pakhomo pa bambo ake.